Mgodi Wanga wa Kuseri kwa Nyumba

Ndikukumbukira chaka chomwe abambo anabwera kwathu ku Sakubva ali ndi zikhadabo zakuda zosamva sopo. Ntchito yawo ya kunjanji inali itatha, ndipo masiku amenewo m'masitolo munkasowa ngakhale buledi. Mwamwayi anawalemba m'gulu la anthu oboola pansi, kutali kuchigwa chotentha, ofufuza kuchuluka kwa malasha omwe dziko lili nawo. Anansi athu ankaseka, poti m'chiyankhulo chawo cha Chishona mawu oti marasha amatanthauza makala wamba. Ankati munthu wa sitima wasanduka wootcha makala.

Ulendo umenewu anabwera kudzadikira yankho. Miyala yomwe anatulutsa pansi inali itapita kokayezedwa. Malasha akapezeka ochuluka, ntchito ipitirira. Akachepa, abambo akwera basi ya ku Joni ngati amuna ena a mumsewu mwathu, omwe ambiri sanabwerere. Amayi sankazitchula, koma ndinkawaona akutsuka mbale imodzi kawiri.

Ine, kamtsikana ka kupulayimale, ndinaganiza kuti ndikapeza malasha pafupi abambo sachokanso. Ndinatenga khasu n'kuyamba kukumba kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala. Dothi lofiira linkanunkhira mvula, matuza akutuluka m'manja. Kenaka khasu linavundukula zakuda.

"Baba, ndawapeza," ndinatero ndili wefuwefu.

Abambo sanaseke. Anagwada, n'kutikita zakudazo ndi zala. "Chabwino, mwanawe. Tsopano tione kuti alekezera pati."

Anatenga paipi yakale n'kumaikhoma ndi nyundo apa ndi apo. Akaizula, ankakankha dothi ndi ndodo n'kuliyala palata: lofiira, lachikasu, pena kamzere kakuda. Anati kuchigwa ankachita chimodzimodzi, kungoti makina awo ankatsika pansi kwambiri. Pomaliza zinadziwika kuti mgodi wanga unali waukulu ngati lichero. Linali dzala lakale la phulusa, ndipo m'katimo munali supuni yadzimbiri.

Ndinalira mpaka mamina. Abambo anandipukuta ndi malaya awo, nati: "Ifenso timaboola malo ambiri osapezapo kanthu. Si kutaya mphamvu ayi. Wobwera pambuyo amadziwa poyenera kukumba."

Mvula isanathe kapitawo wawo anaimba foni. Malasha analipo okwanira kuti aboolenso malo ena. Amayi anakhala pansi pakhomo n'kuseka mpaka misozi. Abambo anabwerera kuchigwa, ndipo mwezi ukatha tinkamva nsapato zawo zolemera pageti.

Lero madenga ambiri a ku Sakubva ali ndi masola, ndipo ana amaphunzira kuti utsi wa malasha umawononga mpweya. Sinditsutsa, ngakhale malashawo ndiwo anatisungira abambo. Mwana wanga wamkazi akuphunzira za miyala kukoleji, akuti adzafufuza yopangira mabatire. Akabwera patchuthi amakhala pakhonde ndi agogo ake, abambo anga aja, omwe maso anafooka tsopano. Iye amayankhula Chishona, iwo amayankha m'Chichewa, akupatsirana miyala m'manja mpaka tiyi kuzizira.