Ndinati Ndikubwera

Cholembera ndinachigwira koyamba ndili ndi imvi kale. Bambo anga ankati sukulu ndi ya ana a aphunzitsi, ife yathu ndi khasu ndi chigafa cha fodya, ndipo ine sindinatsutse. Anzanga atayamba kulera zidzukulu ndi pamene ndinalowa sukulu ya kwacha, m'katchalitchi kathu kakang'ono chakuno ku Santhe. Titadziwa kulemba Chichewa anatiuza kuti ofuna apitirize ndi Chingerezi. Zinali zaka zija za makuponi, pamene munthu ukagona unkalota thumba la feteleza.

M'kalasimo mwamuna ndinalimo ndekha. Aphunzitsi athu anali mayi wopuma pantchito ku pulayimale, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Ankati Chingerezi cha m'buku ndi chakufa, chamoyo ndi cha pakamwa. Choncho Lachiwiri ndi Lachinayi masana tinkaimirira awiriawiri n'kumalankhulana. Wolankhula naye wanga anali msuweni wanga, mwana wa amalume, mayi wamasiye wa pakamwa pakuthwa. Mwa chisuweni ankanditcha "amuna anga", ndipo anali ndi ufulu wondinyoza pagulu mmene angafunire.

Tsiku lina mu Okutobala, titabwera manja ali matopematope pochokera kothirira nazale, aphunzitsi analemba pa bolodi liwu lalitali: procrastination.

"Amayi, limeneli ndi liwu limodzi, kapena mwajambula mzere wa kudepoti?" anafunsa msuweni wanga.

"Ndi limodzi. Tanenani pang'onopang'ono."

"Pulo... pulokasi... Ayi, mano otsalawa ndikuwafuna."

Aphunzitsi anati liwulo likunena kuzengereza, matenda a mawamawa, ndipo anatikumbutsa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Anati mankhwala ake alipo. Ntchito ikakukulira uiduledule ngati chipika cha nkhuni. Utchule tsiku lenileni, osati "posachedwapa". Ndipo uuzeko munthu wina kuti akhale mboni yako. Kenako aliyense anayenera kunena m'Chingerezi chinthu chimene wakhala akuchikankhira mawa. Wina anati asoka neti yake yong'ambika. Wina anati akapimitsa maso. Ine ndinati, "I will repair my shed." Chigafa changa chinalibe vuto lililonse.

Ukalamba uli ndi zake. Phunziro lili mkati ndinafuna kukataya madzi. Ndinanyamuka, ndipo pofuna kuonetsa kuti Chingerezi chikundilowa, ndinati, "I am coming, madam."

"Taimani, bambo. Mukubwera kuti?"

"Ndikupita panja pang'ono."

"Ndiye mukupita kapena mukubwera? Ine ndikuona msana wanu."

Amayi onse anaseka. Aphunzitsi anadikira kuti phokoso lizizire, kenako anafotokoza. "Ife timati 'ndikubwera' miyendo italoza kwina. Mzungu akati 'I am coming' ndiye kuti ali m'njira, akudza kumene uli iwe. Ngati mukuchoka muziti 'I will come back', ndipo muzinena nthawi yake."

"Musadzivute nawo, amayi," anatero msuweni wanga. "Amuna angawa akati ndikubwera, tsekani chitseko. Ena akudikira mpaka lero."

Anthu anasekanso, koma iye kuseka kwake kunadukira panjira. Anayang'ana pansi n'kuyamba kumanganso duku lomwe linali lomangidwa kale. Ndinatuluka ndi kukaima kuseri kwa tchalitchi, ndipo zimene ndinapitira zija ndinaziiwala.

Mkazi wanga woyamba anali wa ku Kaluluma. Ndinamukwatira ndili mnyamata ndi kubwera naye kwathu, ndipo tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi. Mwanayo ali ndi zaka zitatu anatentha thupi nthawi yothyola fodya. Tinapita naye ku chipatala cha mishoni pa njinga, ine ndikupalasa, mayi ake kumbuyo atamubereka. Atamugoneka, ndinasuzumira pawindo n'kuona mitambo ikuda chakumudzi. Chigafa changa chinali chofolera theka. Udzu ndinali nditamweta kale mu Julayi, koma kufolera ndinkangoti mawa, ndipo fodya woyamba anali atapachikidwa kale pa mikangala.

"Musapite," anatero mkazi wanga. "Mwanayu akupuma moipa."

"Ndikubwera," ndinatero.

Tsiku limenelo ndinafolera. Lachiwiri lake ndinaona kuti masamba apansi apsa m'munda, ndinathyola ndi kusoka. Lachitatu njinga inaphwa, ndipo pokafuna chigamba ndinapeza anzanga pamowa, ndinati ndingolawa chipanda chimodzi. Mumtima ndinkati kuli madokotala kumeneko, ine ndikakhalapo ndichiritsa ndani? Lachinayi m'mawa ndinanyamuka. Ndinakumana ndi mkazi wanga pa mlatho wa mitengo, akuyenda wapansi, mwana ali kumbuyo atamufunditsa nsalu mpaka kumutu. Ndinatsika panjinga ndikumwetulira, poganiza kuti awatulutsa.

"Wagona?" ndinafunsa.

Anandidutsa n'kupitirira. Ndinaona timapazi tikulendewera m'mbali mwake, tikugwedezeka mosiyana ndi mmene mapazi a mwana wogona amagwedezekera. Anali atayenda naye mtunda wonsewo yekha, akupatsa moni anthu m'njira kuti asadziwe chimene wabereka.

Titameta maliro anamanga katundu wake napita kwawo. Sanandikalipire, sananditukwane. Ndinauza abale anga kuti ndikangogulitsa fodya ndimutsatira ndikapepese. Fodya ndinagulitsa. Kenako ndinati ndipeze kaye mawu oyenera. Chaka chinatha, china chinatha, manyazi anakula kuposa mlandu umene. Ndinakwatira wina, tinabereka ana, iyenso anadzamwalira. Mkazi woyamba uja sanakwatiwenso. Zaka zoposa makumi anayi ndinkadzuka ndi ulendo wa ku Kaluluma m'mutu, ngati munthu amene wasunga mwala m'nsapato n'kumati auchotsa akafika pamthunzi.

Titaweruka tsiku lija msuweni wanga anandipeza panjira.

"Pakamwa panga panathamanga, asuweni."

"Simunaname."

Kenako anati mwana wake amene anakwatiwa cha ku Kaluluma anaimba foni sabata yatha. "Akuti mayi aja afooka. Sakupitanso kumunda. Ngati muli ndi mawu oti mukanene, musadikire kuti mukawanene pamanda. Akufa samva Chichewa, ngakhale Chingerezi chanucho."

Lachinayi lotsatira ndinaimirira m'kalasi popanda wondiuza. Ndinati, "I will go to Kaluluma on Friday."

"Which Friday?" anafunsa aphunzitsi.

"Next Friday, madam."

Aphunzitsi anawomba m'manja, ena nawonso anawomba, osadziwa chimene ndikukachita. Msuweni wanga yekha sanawombe. Anati, "Mboni ndine."

Ndinatsatira malangizo aja. Ntchito ndinaiduladula: ndinachapa jekete, ndinagula sopo ndi shuga woti ndikapereke, ndinafunsa za magalimoto ochokera pa boma kupita kumpoto. Chotsala chinali mawu. Ndikathirira nazale ndinkayesa kuwanena mokweza m'Chichewa, koma ndikangofika pa "mwana wathu uja" ndinkalekera pomwepo. Ndiye ndinayamba kuwanena m'Chingerezi. "I am sorry. I was wrong. I left you alone." M'Chingerezi ankatuluka bwinobwino, opepuka ngati mankhusu. Ndinkawabwereza ndikuyenda ndi keni pakati pa mabedi, mpaka ndinayamba kudzimva ngati ndapepesa kale.

Lachisanu lija alangizi anabwera kudzalemba mayina a olandira makuponi, ndipo kunamveka kuti wosaonekera ndi nkhope yake dzina lake lidumphidwa. Ndinakhala. Ndani akanapita? Munda wathu wamchengawu popanda feteleza umabereka chimanga chonga zala. Lachisanu linalo tinakhala tsiku lonse pabwalo la sukulu kudikira makuponiwo, ndipo sanabwere. Atabwera, kunali kukagona pamzere kudepoti masiku atatu, ndipo titafika pafupi ndi khomo anati feteleza wobereketsa watha, tibwerenso. Kenako mvula inagwa. Mbande za fodya sizidikira munthu; ukapanda kuwokera nthaka ikadali yonyowa, chaka chapita.

Lachiwiri lililonse aphunzitsi ankafunsa, "Did you go?"

Ndinaphunzira kuyankha bwino kwambiri. "Not yet, madam, because of the coupons." "Not yet, madam, because of the rain." Anandiyamikira kuti liwu loti because ndikuligwiritsa ntchito molondola kuposa onse.

"Amuna anga Chingerezi chawo chikukula ngati dzungu," anatero msuweni wanga. "Koma dzungu limakulira pomwe lagona."

Chimene chimandisautsa mpaka lero n'chakuti pa zifukwa zonsezo panalibe chabodza. Kalembera analipodi, mzere unalipodi, mvula inagwadi. Ngakhale chigafa chija chinali chofolera theka ndithu. Koma ndimadziwa mmene mtima wanga unkapepukira ndikamva kuti Lachisanu kuli msonkhano. Ndinkanyamuka kupita kumzere wa feteleza ngati munthu wopita kuphwando.

Ndinapita mu Januwale, chimanga chitafika m'chiuno, tsiku limene msuweni wanga anabwera m'mawa ndi kukhala pakhonde panga, nati sachokapo mpaka aone jekete ili pathupi. Shuga uja anali ataundana m'pepala.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Mudzi ndinaupeza mofunsira, pakuti mitengo imene ndinkaidziwa inapita kale m'mabani a fodya. Anandilandira mayi wina wa msinkhu wapakati, mwana wa mchimwene wake wa mkazi wanga uja, amene ankamusamalira. Nditadzitchula anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayala mphasa.

"Ndinu amene ankhazi ankakunenani," anatero. Ankhazi ndi mmene kumeneko amatchulira mlongo wa bambo.

"Ankandinena?"

"Mvula isanagwe ankafunsa ngati mudakali moyo. Anafunsa kangapo. Ankati ali ndi mawu anu."

"Mawu otani?"

"Sanatiuze. Sabata ya Khrisimasi anagwa pakhomo apa, mbali imodzi inafa. Kuchokera pomwepo mutu sukugwiranso. Chichewa chinawathawa chonse, akungolankhula Chitumbuka cha paubwana. Ngakhale ine tsiku lina amanditenga ngati mayi awo."

Anamutulutsa momugwirizira ndi kumukhazika motsamira khoma. Anali wamng'ono kwambiri. Dzanja lamanja linali pamiyendo ngati la munthu wina. Koma maso anali omwe aja. Anandiyang'ana mwaulemu, monga mmene munthu amayang'anira mlendo wa eni nyumba.

"Ndimwe njani?" anafunsa. Zimenezo ndinamva: ndinu yani?

Ndinatchula dzina langa, ndinatchula mudzi wathu. Anagwedeza mutu mokoma mtima, osazindikira kanthu. Ndinatsegula pakamwa, ndipo mawu amene anafika polilime anali Achingerezi aja. Ndinawameza. Ndinayamba m'Chichewa, movutika, maso ali pamphasa. Ndinanena za chipatala, za chigafa, za mowa umene sindinauzepo munthu aliyense, za pamlatho. Ulendo uno sindinalekere panjira. Ndinanena zonse mpaka kumapeto. Nditadzutsa mutu ndinapeza akuyang'ana nkhuku imene inkapalasa pafupi ndi nkhokwe.

"Sakukumvani, adada," anatero mayi uja. "Chitumbuka simuchidziwa?"

Zaka zisanu ndinakhala naye m'nyumba imodzi, iye akulankhula chinenero changa. Chake ndinkangodziwa moni.

"Muwauze ndinu," ndinatero.

Anawerama pakhutu pa ankhazi ake. Zonse ndinanena zija anazipinda m'mawu ochepa, ndipo ndinamvamo limodzi lokha lakuti phepani. Mkazi wanga anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa nayankha mwachidule.

"Akuti chiyani?"

"Akufunsa kuti mukupepesa chiyani, poti simunawalakwire."

"Muwauze za mwana."

Anawauza. Iye anakwinya nkhope pang'ono, ngati munthu amene akufufuza singano m'dengu, kenako anafunsa kenakake.

"Akuti mwana wa yani?"

Sindinapitirize. Ndinaona kuti ndikakakamira, mwina ndingamukumbutse, ndipo chimene ndingamubwezere ndi mlatho uja basi. Ndinakhala pamphasapo mpaka mthunzi wa nyumba unafika pamapazi anga. Anandipatsa madzi, ndinamwa. Ndinapereka sopo ndi shuga, ndipo iye anawomba dzanja lamoyo pa bondo kuthokoza, nauza mwana wa mchimwene wake kuti mlendoyu ndi munthu wabwino.

Potsanzika ndinagwada pafupi naye. Anandipatsa dzanja lamanzere, lozizira, lopepuka, ndipo analankhula mawu angapo akundiyang'ana m'maso. Mayi uja anazengereza kumasulira.

"Nenani," ndinatero.

"Akuti muyende bwino. Mukapereke moni kwa akazi anu ndi ana."

Ndinati ndikapereka. Mkazi wanga uja anamwalira fodya ali m'zigafa, mwezi wa Malichi. Mawu anga amene ankasunga aja palibe amene anawamva. Sindidziwa ngati anali ondikhululukira kapena onditemberera, ndipo onse awiriwo ndikanawalandira.