Tsiku Limene Tinaika Mateyo

Ndinadzuka kusanache, mwendo utachita dzanzi chifukwa chogona pansi m'siwa. Amayi a mpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa, tsopano ankangong'ung'udza. Mng'ono wanga, mayi wa malemuyo, anali chikhalire pafupi ndi bokosi la mwana wake Mateyo, maso ali gwa.

Kunja kunkawaza mvula. Nkhuni zinali zonyowa, ndipo moto wophikira unkangofuka utsi. Azibambo amene anachezera panja anaunjikana pansi pa tenti yodontha.

Kutayera, anthu anayamba kufika. Ena anatsika minibasi yochokera ku Chipata, ena anadzera m'minda ya chimanga ya kwathu ku Chiparamba kuno, matope mpaka m'maondo. Ambiri sanamuonepo Mateyo akuyenda. Matenda ofoola minofu anamuyamba ali wamng'ono. Ankagwa pafupipafupi, kenako anakhala pa njinga ya olumala, ndipo pomaliza ngakhale kupuma kunamukanika. Anatisiya asanamere ndevu, monga mmene anachitira mlongo wathu ife tili atsikana.

Pakati pa olirawo ndinaona mphunzitsi wina amene kale ankamutcha Mateyo waulesi chifukwa cholephera kuwerenga. Nthawi imeneyo ifenso sitinkadziwa. Tinadzamva ku chipatala ku Lusaka, atamujambula mutu ndi makina, kuti matendawa sadya minofu yokha. Ubongo wake unakula mosiyana ndi wa anzake, n'chifukwa chake zilembo sizinkamukhala m'mutu. Komabe nyimbo za kutchalitchi ankazisunga zonse, ndipo wina akaphonya mawu ankamukonza. Mphunzitsiyo anaima patali, chipewa chili m'manja.

Mwambo unayamba mvula itakata pang'ono. Akatekisiti anapemphera, kenako anapereka mpata kwa akuchimuna. Mkulu wina wa kumeneko anaimirira n'kunena kuti kumtundu kwawo matenda otere kulibe, anabwera ndi magazi a kuchikazi. Anthu anaweramitsa mitu. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti sananame. Madokotala anatiuza zomwezo, kuti matendawa amadzera mwa amayi n'kukagwira ana aamuna. Koma si mawu onena bokosi lili pamaso pa mayi.

Mwana wanga wamkazi, amene ndi woyembekezera, anali pambali panga. Anandigwira chitenje n'kundinong'oneza kuti, “Amayi, nanga akakhala mwamuna?” Ndinangomugwira dzanja.

Ulendo wa kumanda unali wapang'onopang'ono chifukwa njira inali yoterera. Onyamula bokosi sankasinthana kawirikawiri, poti linali lopepuka. Titafika tinapeza adzukulu akukapa madzi m'dzenje ndi ndowa. Tinaima kudikira, nyimbo ikutha, ina n'kuyamba. Anamuika pafupi ndi amalume ake, mlongo wathu uja. Dothi linali lonata, linkakanirira ku mafosholo, ndipo linkagwera pa bokosi ndi mdidi wolemera. Bambo wake anaika nkhata n'kuchoka osacheuka. Mng'ono wanga sanalire mokweza. Tinachita kumudzutsa ndi kumugwirira mbali zonse.

Pobwerera anthu anasamba m'manja, anadya, n'kuyamba kubalalika poopa mvula ina. Akuchimuna anakwera galimoto yawo osalowanso m'nyumba. Pofika madzulo anyamata anali atatsitsa tenti, pabwalo patangotsala mapazi m'matope ndi phulusa lonyowa.

M'nyumba munali zii. Ine ndi mng'ono wanga tinakhala pamphasa awiriwiri, osayatsa nyali. Dzuwa litangolowa, mng'ono wanga ananyamuka mwakachetechete kupita kukhitchini. Ndinamva akuthira madzi m'beseni. Anatulukira atanyamula beseniyo, thaulo lili paphewa, n'kulunjika kuchipinda kwa mwana wake monga ankachitira madzulo alionse. Pakhomo anaima. Anaima nthawi yaitali, nthunzi ikukwera kumaso kwake.

“Asisi,” anatero osatembenuka, “madziwa ndipite nawo kuti?”