Kathumba ka Mchenga

Anthu ankawatchula a Khutu, chifukwa injini ankaipima ndi khutu. Ankatenga sikuludiraiva wamtali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chigwiriro n'kuchikanikiza kukhutu, maso atatsinzina ngati munthu ali m'pemphero. Matenda a galimoto ankawatchula mwini wake asanamalize kudandaula. Galaja yawo inali pamwamba pa chitunda, ndipo msewu wochoka pamenepo unkatsetsereka mpaka pa mlatho, pomwe unkakhota mwadzidzidzi. Kwa zaka makumi atatu, galimoto iliyonse imene aigwira ankayamba atsetsereka nayo okha, atanyamula matumba a mchenga olemera ngati anthu amene aziikwera.

Imene inawasowetsa mtendere inali ya mkamwini wawo, galimoto yakalekale yobiriwira, ya mabampala onyezimira, imene bambo ake anamusiyira. Lamlungu lililonse inkanyamula mwana wamkazi wa a Khutu ndi kamdzukulu kawo, kamene ankakatcha Kanjiwa, kupita kutchalitchi kutsidya kwa mlatho. Pobwerera inkakwera chitundacho ikutsokomola.

"Lamlungu lapitali anatipitirira wogulitsa nthochi, apongozi," anatero mkamwiniyo. "Wapansi! Mpaka kutifunsa ngati tikufuna atikankhe."

A Khutu anafotokoza njira ziwiri. Akanatha kupala masilinda a injini yakaleyo, kuika mapisitoni atsopano ndi kabuleta wokulirapo, mphamvu n'kuwonjezekera pang'ono, yongokwanira chitunda. Apo ayi, kuichotseratu n'kuikamo ina.

"Zapang'ono ndiye ayi. Ndapeza kale injini ya pikapu ina imene inagubuduka. Masilinda sikisi! Gogoyu avina chaka chino."

Mawu anafika pakamwa: mabuleki a galimotoyi anawapangira injini yaing'ono, yopepuka. Akanakhala kasitomala wamba akanamukanira pomwepo, mwinanso n'kumuseka. Koma uyu anali mkamwini, munthu amene sankayang'anizana naye n'komwe m'maso, ndipo anaopa kuti anthu aziti mkuluyu akulowerera za m'nyumba ya eni. Anangoti, "Tiona, bambo a Kanjiwa," uku akupukuta manja amene anali oyera kale.

Masabata atatu anagwira ntchitoyo mtima uli m'mwamba. Injiniyo inalowa mothinana, mphuno ya galimoto n'kutsika ngati ng'ombe ikumwa madzi. Mabuleki anawakonza mmene akanathera. Ataikapo khutu sanamve vuto lililonse, ndipo n'zimene zinawaopsa kwambiri, pakuti chifukwa chokanira chinasowa. Chakudya chinasiya kutsika.

"Ababa, mwaonda chonchi bwanji?" anafunsa mwana wawo atawabweretsera tiyi. "Kapena chakudya chanu mukudyetsa injiniyi?"

Anaseka naye, n'kulandira tiyiyo.

Loweruka m'mawa, tsiku lobweza galimoto, anaika thumba lalikulu pampando wakutsogolo, pokhala mwana wawo. Kenaka anadzaza kathumba kakang'ono, n'kukayeza m'manja, n'kutapulamo pang'ono, pakuti Kanjiwa ankamunyamula tsiku ndi tsiku ndipo kulemera kwake ankakudziwa. Anakakhazika pampando wakumbuyo. Galimoto za nthawi imeneyo zinalibe malamba.

Atangoponda mafuta, galimoto inalumpha. Pa kotsetsereka koyamba anaponda buleki, inagwira. Anapondanso, inagwira monyinyirika. Kachitatu phazi linangolowa ngati m'matope, fungo lakupsa n'kudzaza m'galimoto. Chitsulo cholemera chija chinkakokera kumunsi, ndipo zitsulo za mlatho zinayamba kuoneka chimodzichimodzi.

"Ambuye, Ambuye," mawu ena onse a pemphero anathawa.

Anakoka buleki yapamanja, osaphula kanthu. Anakankhira giya yachiwiri, inakukuta n'kukana. Kumanzere kunali khoma la dothi pomwe anadula phiri popanga msewu, ndipo anakhotetsera komweko. Galimoto inakhulika mbali yonse, galasi lam'mbali n'kuthothoka, dothi lili fwa pazenera, mpaka tayala linagwera mu ngalande. Phu! Kanthu kanauluka kuchokera kumbuyo, kudutsa paphewa pawo, n'kukaphulika pa dashibodi.

Mchenga unkayoyokera pamawondo awo.

Mkamwini ndi mkazi wake, amene anali atangofika kugalaja, anatsika akuthamanga.

"Mayo, galimoto ya bambo anga!" anafuula mkamwini, kenaka anachita manyazi. "Apongozi, mwavulala?"

A Khutu anatuluka, kathumba kong'ambika kali m'manja. Mwana wawo anakulira m'galaja, ndipo za matumbawo ankazidziwa. Anayang'ana thumba lalikulu lija, lomwe linali litagwera pansi pa mpando, kenaka kakang'onoko.

"Ababa, ameneyo ndi ndani?"

"Ndi Kanjiwa."

Mwana wawo uja anagwira pakamwa n'kukhala pansi m'fumbi momwemo. Pamenepo a Khutu anamuyang'ana mkamwini wawo m'maso, koyamba chimukwatireni mwana wawo.

"Ndinalakwa ndine, bambo a Kanjiwa. Ndinkadziwa, koma ndinakuchitirani manyazi. Injini iyi ndikuichotsa lero lomwe. Yakale ija ndiipala, muzimupitirira wa nthochi yekhayo basi. Ngati n'kukwiya, kwiyani."

Mkamwini anasuzumira m'galimoto, natola mchenga pa dashibodi, n'kumaufikisa pakati pa zala nthawi yaitali.

M'mawa mwake banja lonse linapita kutchalitchi wapansi, a Khutu atamukweza Kanjiwa pamapewa. Atafika pomwe khoma linakhulika, anamugwira timiyendo mwamphamvu.

"Agogo, mukundipweteka!"

Anapepesa, koma sanamasule dzanja mpaka atawoloka mlatho.