Kapilisi Kotsutsira Mlamu

Amuna anga anakana mankhwala a BP pamaso pa adokotala, pamaso pa abusa, pamaso pa ine mkazi wawo, ngakhalenso kwa mwana wathu wamkazi amene anachita kulira pa foni kuchokera ku Lilongwe. Anadzawavomera chifukwa cha mnyamata wina wosewera mpira ku Ulaya, amene sanamvepo n'komwe zoti padziko pano pali malo otchedwa Biriwiri.

Matendawo anawapeza nawo chaka china nthawi yokumba kachewere. Mutu unkawawawa chakunkhongo, ndipo akawerama pamzere ankadzuka akuona mdima. Ndinachita kuwakoka kupita nawo kuchipatala cha paboma. Adokotala anawamanga chopopa choyezera BP chija pamkono, anayang'ana, anamanganso mkono winawo, kenako anandiyang'ana ine ngati magaziwo ndawakweza ndine. Anatipatsa timapilisi toyera m'kajumbo, n'kunena kuti azimwa kamodzi m'mawa uliwonse, moyo wawo wonse.

Mawu akuti moyo wonsewo ndi amene anaononga zinthu. Tisanafike n'komwe pokwerera minibasi, mlandu anali ataugamula kale.

"Ine si galimoto yoti azindithira mafuta m'mawa uliwonse," anatero.

Anamwako masiku ochepa, anaona kuti ntchito yangokhala yopita kuseri kukataya madzi, basi timapilisi tinakwera pamwamba pa kabati n'kuyamba kudya fumbi.

Ine ndinali ndi mantha, ndipo ndinkadziwa chimene ndinkaopa. Akulu awo a amuna angawa anagwa m'munda tsiku lina n'kufa ziwalo mbali imodzi. Munthu amene ankanyamula thumba la feteleza ngati pilo anatha zaka ali pamphasa, pakamwa patapotoka, akudyetsedwa phala ndi supuni. Ndikawakumbutsa zimenezi, amuna anga ankati akulu awowo anachita kulodzedwa pa nkhani ya malire a munda. Ndinanyengerera, ndinakalipa, ndinanyanyala, osaphula kanthu. Munthu wake ndi nkhutukumve wobatizidwa.

Chinthu chimodzi chokha chimene ankachimvera chinali mpira. Loweruka lililonse masana ankasamba, n'kuvala jezi ya timu yawo ya ku Ulaya, ulendo wa ku vidiyo ya pamsika. M'timumo munali mnyamata wina waliwiro, wogoletsa zigoli, amene iwo ankamutchula kuti mwana wanga. Ana athu enieni sanayamikiridwepo choncho. Akuti mnyamatayo ankathamanga ndi mphamvu yochokera kwa Mulungu, osati enawa ongodya ndalama.

Tsono amuna anga ndi akamwini, tinamanga kwathu, ndipo nyumba yoyandikana nafe inali ya achimwene anga. Achimwenewo ankakonda timu ina, yomwe ndi mdani wa timu ya amuna anga. Sindikhulupirira kuti anaisankha chifukwa choikonda. Anangofunsa kuti alamu awo amadana ndi timu iti, basi n'kugula jezi yake pa kaunjika.

Lamulungu lina m'mawa, ndikusita zovala za kutchalitchi, achimwene anatulukira atanyamula wayilesi paphewa, nkhope ili ngati ya munthu wodzanena maliro, koma mano onse ali pamtunda.

"Alamu, pepani ndi zovutazi. Mwana wanu uja amuyeza mkodzo. Amupeza ndi mankhwala oletsedwa, ndipo amuimitsa."

"Bodza," anatero amuna anga, nsapato ili m'manja.

"Wayilesi iyi, ifunseni nokha. Ife timadabwa kuti munthu angathamange bwanji ngati waba nkhuku mpira wonse. Kani ndi jekeseni."

Tsiku limenelo ulaliki unapita padera. Pabwalo la tchalitchi, pa chiwaya cha tchipisi, pamsewu pomwe timagulitsa kabichi, nkhani inali yomweyo. Ena ankati mnyamatayo ndi wakuba, alandidwe zikho zonse. Ena ankati azungu amuchitira nsanje. Amene ankakuwa kwambiri za chilungamo anali madoda omwe aja ndinkawaona ndili mtsikana akupita kumtsinje mbandakucha kukasamba mizu timu ya m'mudzi isanasewere, n'kumalowa m'bwalo chafutambuyo. Amuna anga ndi achimwene anali m'timu imodzi nthawi imeneyo, ndipo anasambira m'beseni limodzi. Nditawakumbutsa, onse awiri anandiuza kuti zimene zija zinali chikhalidwe, ndisasokoneze nkhani.

Patapita masiku, wayilesi inatchula mankhwala amene anamupeza nawo mnyamatayo. Sanali jekeseni. Anali mapilisi a BP, okodzetsa aja. Achimwene anathamangira kwathu, anandituma kuti nditsitse kajumbo ka pamwamba pa kabati, n'kuimbira foni mwana wathu wa ku Lilongwe kuti afananitse dzina. Linali lomwelo, chilembo ndi chilembo. Achimwene anaseka mpaka anakhala pansi.

"N'chifukwa chake mumakana kumwa, alamu. Mumaopa kuti akuyezani mkodzo n'kukuletsani kulima."

"Timeneti sitipatsa mphamvu," anatero amuna anga. "Ndinamwapo ine. Timangokutumiza kuseri. Mwana uja amunamizira."

"Inu munangolawa. Mnzanuyo amamwa chaka chonse, ndiye mukuona liwiro lake."

Amuna anga anaimirira, mitsempha ya m'khosi ili njo, moti ndinaopa kuti agwa pomwepo.

"Kutsutsa galu n'kukumba. Mayi, patseni madzi."

Anameza kapilisi kamodzi achimwene akuona. Kenako analumbira kuti azimwa m'mawa uliwonse pamaso pa alamu awo, ndipo tsiku limene adzaoneke kuti awonjezera mphamvu kapena liwiro, adzavala jezi ya timu ya achimwene n'kuzungulira nayo msika wonse. Ine ndinangoima ndi kapu m'manja. Zimene ndinalephera ndi misozi chaka chathunthu, mpira unazitha madzi a tiyi asanawire.

Wayilesi inafotokozanso bwinobwino kuti mapilisiwo sapatsadi mphamvu, koma amawaletsa chifukwa amatsuka m'thupi n'kubisa mankhwala ena amene munthu wamwa. Onse awiri anamva. Anayang'anana, n'kugwirizana kuti wolankhula pa wayilesiyo mpira sakuudziwa. Pa moyo wawo wonse, ndi pokhapo pamene ndinawaona akugwirizana pa nkhani ya mpira.

Kuyambira pamenepo m'mawa wathu unasintha. Dzuwa likangotuluka, achimwene ankabwera ndi kanjira ka pakati pa nyumba zathu atafunda bulangete, n'kukhala pa mpando wa pakhonde ngati woyang'anira mayeso. Amuna anga ankakweza kapilisi m'mwamba kuti mboni ione, ankameza, n'kutsegula pakamwa kuti aonetse kuti sanabise pansi pa lilime. Timapilisi tikatsala pang'ono kutha, ankapita okha kuchipatala, osatumidwa, kuopa kuti alamu anganene kuti athawa.

Vuto linabwera loti mankhwalawo anayamba kugwira ntchito. Mutu unasiya. Chizungulire chinatha. Munthu anayamba kudzuka wopepuka, ndipo zimenezi zinali zoopsa pa mlandu wa mwana wawo wa ku Ulaya. Ndiye anayamba kubisa thanzi lawo ngati katundu wakuba. Kuchokera kumunda ankabwera chamnyamata, koma akafika poonekera nyumba ya achimwene ankayamba kukoka miyendo, dzanja lili m'chiuno. Tsiku lina ndinawaona akukwera chitunda atasenza thumba la kachewere, akuimba mluzu. Atangomva kutsokomola kwa achimwene, thumba analiponya pansi n'kulikhalira, akubuula. Ine ndinkaluma mpango kuti ndisaseke, koma usiku ndinkagona tulo, chinthu chimene ndinali nditachiiwala.

Ndinayamba kutsatira nkhani za mpira kuposa amuna onse a pamsika. Pemphero langa linali limodzi, loti mlandu wa mnyamatayo usathe. Koma azungu milandu yawo sachedwa nayo ngati ya malire a munda. Itatha miyezi ingapo anagamula kuti mnyamatayo anamwa mapilisiwo mosadziwa, anamuchepetsera chilango, ndipo anabwerera m'bwalo. Tsiku limene anagoletsanso chigoli, amuna anga anabwera kuchokera ku vidiyo akuvina msewu wonse, ataiwala zokoka miyendo zija.

"Mlandu watha," anatero akulowa. "Mwana wanga alibe tchimo. Timapilisi tanuto bwezerani pa kabati."

M'mawa mwake sanamwe. Mkuja wakenso sanamwe. Achimwene nawo anasiya kubwera, poti munthu wogonja sayendayenda. Ine ndinayambanso kuona mphasa ija ndi supuni ija ndikatseka maso. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinawatsatira achimwene kudimba kwawo, ndinawapeza akuthirira kabichi.

"Achimwene, mwagonja msanga bwanji?"

"Nanga nditani, chemwali? Azungu agamula. Komanso kunena zoona, timapilisi timene tija sitingathamangitse munthu. Ine ndimangofuna kuwawawitsa mutu alamuwo."

"Mutuwo ndi umene unasiya kuwawa chifukwa cha inu. Mukavomera kuti apambana, ndiwaika m'manda, kapena ndiwadyetsa ndi supuni ngati akulu awo aja. Musavomere."

Anatula kheni pansi.

"Ndiye kuti ndikhale chitsiru cha m'mudzi muno, chokanira nkhani imene dziko lonse lavomera? Mpaka liti?"

"Mpaka mmodzi wa ife adzapite."

Anatola kheni n'kupitiriza kuthirira, ine n'kubwerera mtima uli m'mwamba.

M'mawa mwake ndinamva kutsokomola m'kanjira kaja. Achimwene anafika ndi bulangete lawo, anakhala pa mpando wawo, n'kuyamba kuyang'ana kumwamba ngati akuona nyengo.

"Ndamva kuti mwasiya kumwa, alamu. Mwachita bwino kusiya tisanakugwireni."

"Kundigwira chiyani? Mlandu unatha."

"Wa mwana wanuyo unatha, poti ali ndi maloya. Wanuwu ulipo. Sabata yatha ndinakuonani ndi maso angawa mukuthamangitsa mbuzi m'kabichi. Mbuziyo ndi imene inachita kutopa. Mwaona kuti mankhwala ayamba kuonekera, ndiye mwati musiye msanga kuti jezi yanga ija musaivale."

Amuna anga anatsegula pakamwa, anawayang'ana achimwene, anandiyang'ana ine, n'kutsekanso. Ndinaganiza kuti zathera pomwepo.

"Mayi," anatero, "patseni madzi."

Mkanganowo unatha zaka zambiri. Mnyamata uja anakalamba, anasiya mpira, ananenepa, tinkangomuona pa kanema atavala suti akunena za anzake. Vidiyo ya pamsika inatsekedwa anthu atayamba kuonera mpira pa foni. Ana obadwa pambuyo pake sankadziwa n'komwe kuti nkhaniyo inayamba bwanji, ankangodziwa kuti kuli agogo ena amakani amene amakhulupirira kuti mapilisi a BP amathamangitsa munthu. Pa chiwaya ankawaseka achimwene poyera, ena mpaka kuwafunsa ngati angawagulireko kuti akapambane mpikisano wa njinga. Iwo ankangoti, "Sekani, koma alamu angawa tsiku lina ndidzawagwira." Zinkandipweteka kuwaona akusekedwa, chifukwa anali munthu wanzeru zake, ndipo uchitsiruwo ndinawaveka ndine.

Achimwene anatisiya m'nyengo yozizira, chibayo chitawagwira sabata imodzi yokha. Tinawaika, anthu anabalalika, ndipo m'mawa wotsatira ndinadzuka ndi chisoni chapawiri. Kajumbo ka mapilisi ndinakagwira n'kukabwezanso. Ndinalibe mawu oyambira, poti mboni inali itapita ndipo mlandu unalibenso woutsutsa.

Nditatuluka ndinawapeza amuna anga ali kale pakhonde, atayang'ana kanjira kaja. Mpando wa achimwene anali atauika pamalo pake.

"Madzi aja bwanji?" anafunsa.

Ndinabweretsa madzi ndi kapilisi. Anakalandira, n'kukhala nako m'manja kanthawi.

"Mbuzi ijatu sindinaithamangitse ine," anatero. "Anachita kupeka alamuwa. Chaka chimene chija m'kabichi mwathu simunalowe mbuzi."

"Nanga bwanji simunawatsutse?"

"Ndikanawatsutsa akanasiya kubwera m'mawa."

Anakweza kapilisi m'mwamba, kuloza kumpando wopanda munthu, anameza, n'kutsegula pakamwa kuti aonetse kuti sanabise.