Mpando Umene Ndinatumizira Amayi

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene koleji inandithandiza kuzindikira kuti ine ndi maphunziro sitinabadwire limodzi. Sanandichotse ayi, tisanamizire anthu. Anangondiuza kuti ndikapume kaye kunyumba, ndipo ine, monga mwana womvera, ndikupumabe mpaka lero. Kunyumba kwake ndi ku Ching'ambo mu Mzuzu, kumene mvula ikagwa matope amakuvula nsapato osakupempha. Amayi ankagulitsa tomato ndi anyezi mumsika m'tauni. M'mawa ankakwera mtunda beseni lili pamutu, madzulo n'kutsika, ndipo mawondo awo anali atayamba kale kulira ngati chitseko chosowa mafuta. Nyamakazi. Ndinayang'ana mawondo aja, ndinayang'ana pakhoma pamene panayenera kukhala satifiketi yanga, ndipo ndinalengeza pamaso pa banja lonse kuti ndikupita kukawapumitsa amayi.

"Yamba wapumitsa pakamwa pakopo," anatero amayi. Koma ndalama ya basi anandipatsa ndi iwo omwewo.

Za ku Joni sindikufuna kunena zambiri, chifukwa amene anapitako akudziwa, ndipo amene sanapiteko sangakhulupirire. Tinkagona anthu anayi m'kachipinda kamene kuno tingasungiremo makala. Ndinayamba ndi kusenza simenti, kenako kudula udzu wa anthu amene agalu awo anali ndi dokotala wawowawo. Lamlungu ndinkavala jekete yobwereka kwa mnzanga wa ku Mzimba, n'kukaima pafupi ndi galimoto ya munthu wosamudziwa, kujambulitsa, chithunzi n'kutumiza kunyumba. Pambuyo pake ndinkabweza jekete, n'kukhala pabedi kumvetsera mauthenga a pafoni ochokera ku Mzuzu kawiri katatu, osati chifukwa munali nzeru, koma kuti ndimve tambala wa aneba akulira kumbuyo kwa mawu.

Mwayi unandipeza pakachipatala kena ka afiziyo, anthu othandiza odwala mafupa, mfundo ndi minofu. Udindo wanga unali waukulu: kukolopa ndi kupinda mataulo. Kumeneko ndinaona zodabwitsa za dziko lapansi. Anthu achuma ankabwera pa magalimoto onyezimira, n'kulipira ndalama zambiri kuti awauze kuti, "Dzukani pampando. Khalaninso. Dzukaninso." Ena ankapalasa njinga yosapita kulikonse. Ena ankakwera masitepe othera pakhoma. Ndinkati ndikawayang'ana ndinkamva chisoni kuti wa kabaza wa ku Chibanja sadziwa kuti akuchita ulere zimene anthu amagula.

Mwini malowo anali mayi wamtali, wosaseka kawirikawiri. Odwala atsopano ankawauza mawu amodzimodzi, moti ndinawaloweza bwino kuposa zonse zimene koleji inayesa kundiphunzitsa. Ankati kale madokotala ankauza munthu wa nyamakazi ya m'mawondo kuti apume, koma kafukufuku wa zaka zino akuonetsa kuti bondo likangokhala limauma, minofu ya ntchafu imafota, ndipo ululu umakula. Ankati jekeseni wa m'bondo amagoneka ululu kwa kanthawi chabe, ndipo kubaya mobwerezabwereza si mankhwala. Ankati ngakhale wodwala msana asamangogona ngati mtembo. Ine ndinkamva zonsezi ndikukolopa, n'kumaseka chamumtima kuti anthu ophunzira afufuza zaka zambirimbiri n'kupeza kuti miyendo ndi yoyendera.

Mwezi womwewo ndinagula mpando.

Sunali mpando wamba. Unali wachikopa, wofiirira, wotakata ngati guwa, ndipo m'mbali mwake munali kachitsulo kamene ukakoka miyendo imatukuka yokha, msana n'kugona. Mzungu wina ankasamuka ndipo anandigulitsa motchipa. Ndinadya buledi ndi madzi a shuga kwa nthawi yaitali kuti ndilipire wa lole wopita ku Malawi. Zimene ndinkamva pachipatala paja ndinkaziona ngati za anthu achuma. Amayi anga anali atayenda kale mokwanira.

Achemwali anga a Chimwemwe ananditumizira kanema wa tsiku limene mpando unafika. Ching'ambo yense anabwera. Mpando unakana kulowa pakhomo, moti amuna awo, alamu anga a Mkandawire, anachita kuzula chitseko ndi felemu lomwe. Amayi anawakhazika pampando, alamu n'kukoka kachitsulo, miyendo ya amayi n'kukwera m'mwamba, ndipo azimayi anaimba nthungululu. A NyaMhango, aneba athu, anayandikira foni n'kufuula, "Yewo chomene, mwana wa mama! Chiuta akusunge!" Kanemayo ndinamuonera mpaka foni inatentha.

Kuyambira pamenepo msika unatha. Achemwali anandifotokozera lamulo lake: mayi wa mwana wa ku Joni sagulitsa tomato, sasesa, satunga madzi, ndipo kutchalitchi sapita wapansi. Amayi akumpingo ndiwo ankabwera kudzapemphera nawo kunyumba, ndipo ena ankabwera kwenikweni kudzagwira chikopa cha mpando. Alamu anapeza bambo wina wa njinga yamoto amene aliyense ankamutcha a Dokotala, ngakhale palibe anaonapo sukulu imene anapitako. Bamboyu ankabwera ndi kachikwama kakuda, kubaya bondo, kumwa tiyi, n'kulandira zake. Uthenga uliwonse wochokera kwa alamu unkayamba ndi "Monire alamu" n'kuthera pa jekeseni. Ine ndinkatumiza. Kutumiza kunali kokoma kuposa kuganiza.

Zaka zinapita. Tsiku lina achemwali anatumiza mawu akunjenjemera: amayi sakuthanso kupita kuchimbudzi popanda anthu awiri owagwirira. Nditumize chikuku, njinga ya olumala ija, ndipo alamu anawonjezera kuti chikhale chabwino, chosachititsa manyazi.

Ndinalimba mtima n'kumuonetsa mayi wamtali uja kanema watsopano wa amayi. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Anawauza kuti azingokhala ndani?"

Ndinaulula zonse, za mpando ndi za majekeseni.

Sananditukwane, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anatsegula kabati n'kundipatsa malamba a labala, ofiira, obiriwira ndi achikasu, n'kundionetsa mmene munthu amakokera mwendo nawo. Anati iye sangaweruze wodwala pafoni, ndiwatengere amayi kwa afiziyo a kwathu akawapime, ndipo wa njinga yamoto uja asawayandikirenso. Pa nthawi yomweyo mapepala anga anali atatha, ndipo ndinali nditatopa kuthamanga ndikaona galimoto ya apolisi. Ndinganene kuti chikondi ndicho chinandibweza. Chikondi chinalipo ndithu, koma chinakwera basi limodzi ndi mantha.

Ndinafika ku Mzuzu kukuwaza kamvula kaja kosadziwa kuyamba kapena kuleka. Pakhomo panali anthu ngati pali chinkhoswe. Maso onse anali kumbuyo kwanga, kufunafuna chikuku. Ndinagwada kupereka moni kwa amayi. Anali atanenepa kumaso, koma nditayang'ana miyendo mtima unandigwa. Miyendo ija yokwera mtunda ndi beseni inali itatsala ngati mipini ya makasu. Ndinatsegula chikwama mwaulemu wonse n'kutulutsa mphatso.

Alamu anatola lamba wofiira, anamukoka, n'kumusiya kuti alire.

"Alamu, zaka zonsezi ku Joni, mwakatenga malegeni? Awa si omangira katundu pa kabaza awa?"

"Ndi mankhwala," ndinatero. "Amayi ayambe kudzuka."

"Kudzuka apite kuti?" anafunsa achemwali. "Dalitso, usatichititse manyazi. Anthu aziti chiyani?"

A NyaMhango anagwira kukamwa. Ndinamva wina kumbuyo akunong'ona kuti ana ena akapita kunja amabwera mutu utasokonekera. Anthu anabalalika mofulumira kuposa mmene amachitira mbale ya chopereka ikayandikira.

Ndinabwereka galimoto n'kuwatengera amayi kuchipatala cha boma. Kumeneko mtsikana wa yunifolomu anawapima mawondo modekha, anafunsa za majekeseni aja n'kugwedeza mutu, kenako ananena mawu omwe aja a mayi wamtali wa ku Joni, koma m'Chitumbuka. Ayambe pang'onopang'ono, kudzuka ndi kukhala, kukoka mwendo, kuyenda ndi ndodo, ululu pang'ono usawaopse, ndipo azibwera kudzaonedwa. Ndiye kuti nzeru imene ndinaiwolokera malire inali pompano nthawi yonseyi, mtunda wa kabaza. Palibe anaganiza zopitako, chifukwa mayi wa mwana wa ku Joni saima pamzere ndi anthu wamba.

Kunyumba nkhondo inayamba. Ndikawagwira amayi mkono kuti adzuke, achemwali ankatseka makatani. Alamu ankayendayenda panja akuuza aliyense wodutsa kuti iwo alibemo. A Dokotala anabwera kamodzi, ndinawathokoza chifukwa cha utumiki wawo kwa mtundu wa Malawi, n'kuwaperekeza mpaka panjinga. Amayi okha ankangochita zimene anauzidwa. Ankadzuka, mano ali gwa, thukuta lili kamukamu, n'kukhalanso. Koma kutuluka panja ankakana.

M'mawa wina, achemwali atapita kuchigayo, ndinawafunsa.

"Amayi, panjapa pali chiyani? Mkango?"

"Pali a NyaMhango."

"Ndiye?"

"Iwe, unapita kukoleji kukatani kodi? Ukuganiza kuti mpandowu ndimaukonda? Umatentha kumsana ngati chiwaya. Mwezi woyamba womwe ndinkalota tomato. Koma ndikanatuluka ndi beseni, anthu akanati mwana wake ku Joni akuvutika, zithunzi zija n'zabodza."

"Zinali zabodza, amayi."

"Ndinkadziwa. Jekete ija manja ake ankakuthera m'zigongono. Ndiye poti iwe unkanama uko utaimirira, ine ndinati ndikuthandize kunama kuno nditakhala."



Tsiku lotsatira amayi anaitanitsa a NyaMhango. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa, ndipo ndinamva zonse. Ndi mawu achisoni amene sindinawamvepo ngakhale pamaliro, amayi anafotokoza kuti mwana wawo anachita kuthamangitsidwa ku Joni, anabwera chimanjamanja, alibe ngakhale ya sopo, ndipo iwo, mayi wosauka, ayenera kudzikoka kubwerera kumsika kuti amudyetse. "Sindiuza munthu, mama," analonjeza a NyaMhango. Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika ku Mzilawaingwe.

Zinagwira ntchito kuposa jekeseni aliyense. Anthu omwe aja amene akanawaseka amayi poyenda ngati mayi wa munthu wolemera, tsopano ankawalimbikitsa poyenda ngati mayi wa chitsiru. Anayamba ndi kufika pampanda. Kenako pagolosale. Azimayi ankaima m'makomo: "Limbani mtima, amama, ana a masiku ano ndi mtanda." Akatero ankandiyang'ana ine, woyenda pambali nditanyamula malegeni, ngati chinthu chimene galu wakana. Achemwali anatsegula makatani, popeza manyazi anali atapeza mwini wake.

Sindinganame kuti amayi anachira. Nyamakazi sichoka ngati mlendo. Kukazizira, ndipo ku Mzuzu kuzizira ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, mawondo amawawabe. Koma kuchimbudzi amapita okha, kutchalitchi amafika ndi ndodo yawo, ndipo kumsika abwerera, ngakhale beseni amanyamula ndine. Ndiwo udindo umene Ching'ambo wandipatsa, ndipo akuti ukundiyenera.

Mpando sunawonongeke. Alamu anadzipereka kuusamalira. Amakhalapo kuyambira m'mawa, miyendo m'mwamba, akutsogolera dziko pa foni. Posachedwapa ayamba kudandaula msana, ndipo ndamva akufunsa nambala ya a Dokotala. Ndinawaikira lamba wachikasu pambali, sanamugwire.

Dzana tikukwera mtunda wopita m'tauni, amayi anaima kuti apume, atatsamira ndodo. Ndinawauza kuti mnzanga wa ku Mzimba uja wandiimbira, akuti kwapezeka ntchito ina yabwino, ndikhoza kubwereranso.

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka pabeseni.

"Iwe usandiyambe," anatero. "Ukachitanso bwino, ine ndifera pampando."