Zikwama za pa Benchi ya Shuga

Alamu anga, akazi a achimwene, agwira ntchito pa kachipatala ka m'tauni zaka 23. Si anamwino ayi. Iwo amafika mamawa, kukolopa khonde, kuyala mabenchi, kenako kukhazika odwala pa mzere n'kumawaitana mmodzimmodzi. Magazi saopa, masanzi saopa, ngakhale munthu wokomoka amamunyamula okha. Chiwagwetsereni achimwene sitiroko, nyumba yonse yakhala ikudya m'manja mwa mayi ameneyu.

Chimene amaopa ndi masamu. Ali mtsikana, mphunzitsi wina anawaimika pa bolodi mpaka choko chinanyowa m'manja, kalasi yonse ikuseka. Mawa lake sanapitenso kusukulu.

Ndiye kunabwera kalata. Onse ogwira ntchito opanda satifiketi alembe mayeso, mapepala awiri: lina la kuwerenga ndi kulemba, lina la masamu. Wolephera ngakhale limodzi, ntchito yatha.

Alamu anabwera kukashopu kanga kokonza mafoni Lamlungu masana, atapinda pepala la mafunso akale kanayi. Kubanja kwathu ndimatchedwa katswiri wa masamu chifukwa ndinakhozapo kamodzi, kalekale. Anakhala pa kampando ka makasitomala osavula n'jekete yomwe.

"Mlamu, ndatha ine," anatero. "Taonani ichi. Akuti mwa anthu 100 amene anabwera kuchipatala, 60 peresenti ali ndi bipi, 50 peresenti ali ndi shuga, 20 peresenti alibe chilichonse. Akuti ndi angati ali ndi zonse ziwiri. Ine ndaphatikiza, akukwana 130. Enawo achokera kuti? Ndi mizukwa?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke.

Ndinajambula mikombero iwiri yolowana, monga anandiphunzitsira ine. Uwu wa bipi, uwu wa shuga, pakati apa ndi a zonse ziwiri. Ndinafotokoza kamodzi, kawiri, kachitatu. Alamu ankangoti "eya, eya" maso ali tong'o pa pepala, ndipo ndinkaona ndekha kuti palibe chikulowa. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Kachinayi ndinamenya tebulo.

"Alamu, kodi mutuwo mwausiya kunyumba?"

Anadzidzimuka, cholembera n'kugwa pansi. Mayi wamkulu, amene amakalipira madalaivala a ambulansi, anayamba kupepesa pamaso panga. Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinazindikira kuti ndasanduka mphunzitsi wa choko uja.

Milungu itatu inadutsa choncho. Alamu anawonda. Mwana wawo wamkazi anandiuza kuti amayi akumaiwala mchere, akumadzuka pa mpando n'kuima pakati pa chipinda osadziwa chimene adzukira. Achimwene, amene mawu amawavuta kutulutsa, ankangowayang'ana ali pa bedi. Nanenso mantha anandigwira, chifukwa ndinkadziwa kuti kashopu kanga sikangasamale nyumba ziwiri.

Lachiwiri lina ndinapita kuchipatalako kukatenga mankhwala a achimwene. Linali tsiku la a bipi ndi a shuga. Mabenchi a bipi ali uku, a shuga ali uko, ndipo pa mabenchi a shuga panali mipata yokhala zikwama, zipewa, ambulera, penanso nsapato imodzi. Ndinafuna kusuntha chikwama china kuti ndikhale.

"Musakhudze!" alamu anakuwa ali kutali. "Pali munthu pamenepo."

"Munthu wake uti?"

"Agogo aja ali pa bipi apo. Ali ndi zonse ziwiri. Thupi ndi limodzi, mizere ndi iwiri, ndiye chikwama chimawasungira malo. Ndinayambitsa ndine zimenezi, kale anthu ankamenyana."

Ndinawagwira mkono. "Alamu, adokotala akakufunsani kuti kwabwera anthu angati, mumawerenga bwanji?"

"Ndimawerenga malo onse, n'kuchotsa zikwama. Chikwama si munthu."

"Nanga aja aima kukhoma?"

"Operekeza. Sakudwala amenewo."

"Ndiye tiyerekeze. Pa bipi malo 60, pa shuga malo 50, kukhoma 20. Koma pa geti palowa mitu 100. Zikwama ndi zingati?"

"Sate," anayankha asanaphethire n'komwe, kutanthauza 30, akuyang'ana kwina, kwa bambo wina amene ankafuna kudumpha mzere. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono. "Mlamu. Mizukwa ija ndi zikwama?"

Musaganize kuti mantha anathera pomwepo. Pa khonde ankakhoza chilichonse, koma akangoona pepala zonse zinkasokonekera. Tinagwirizana kuti funso lililonse azilisandutsa khonde. Kaya likunena za ana osewera mpira ndi oimba kwaya, kaya za ogula sopo ndi mafuta, iwo azijambula mabenchi awiri ndi khoma. Peresenti ndi mitu 100 pa geti. Ngati anthu enieni ali 50, yankho aligawe pakati.

Tsiku la mayeso anasanza kawiri asanalowe. Atatuluka anandiuza kuti sakukumbuka chimene alemba, kupatula kuti woyang'anira anaima nthawi yaitali pambuyo pawo akuyang'ana timabenchi tojambula m'mphepete mwa pepala.

Zotsatira zinabwera patatha mwezi. Alamu anandiimbira kuti ndibwere kudzawaperekeza. Ndinapeza onse 50 amene analemba ataunjikana pa khonde lomwe lija: okolopa, ochapa, alonda, okankha machira. Bwana wa ofesi anatuluka ndi mapepala awiri. M'malo mongomata, anayamba kuyankhula, poti munthuyo amakonda mawu ake.

"Mwachita bwino ndithu," anatero. "Pepala la kulemba mwakhoza 70 peresenti. La masamu, 60 peresenti. Olephera onse awiri ndi 10 peresenti yokha."

Anthu anaomba m'manja. Mayi wina wochapa, mnzawo wa alamu wa zaka zambiri, analulutira. Kumva 70 ndi 60, aliyense anaona ngati ambiri apulumuka.

Alamu anandifinya dzanja mpaka zikhadabo zinalowa. Milomo yawo inkayenda.

"Wani fote," ananong'ona. "Zikwama fote, okhoza onse awiri. Kugawa pakati... Mlamu, tikutsala anthu twente basi. Sate akupita."

Pa khonde lonselo, iwo okha ndi amene anadziwa, anzawo akadali kuseka.

Mapepala atamatidwa alamu anakana kuyandikira. Anandipatsa nambala yawo ya mayeso pa kapepala konyowa ndi thukuta. Ndinadzipanikiza pakati pa anthu. Pa pepala loyamba ndinaipeza msanga. Pa la masamu chala changa chinatsika mzere ndi mzere mpaka ndinaipeza yachitatu kuchokera pansi.

"Muli ponse pawiri, alamu!"

Anakhala pansi, pa simenti imene anakolopa okha m'mawa umenewo. Kuseka kuja kunali kutazima. Mayi wochapa uja anali ataima pa pepala lachiwiri, akuyambiranso kuchokera pamwamba kachitatu.

"Dzukani, mwakhoza," ndinatero.

"Ndamva," anayankha, maso ali pa mnzawoyo. "Koma sate amenewa, mlamu, ndikuwadziwa onse ndi ana awo omwe."