Tizitseko ta Mlombwa

Dzulo ndikudutsa pa akalipentala ku Benga, fungo la utuchi wa mlombwa linandiimitsa pamsewu.

Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, nthawi ya atsamunda, pamene bambo analembetsa zokagwira ntchito ku Halale. Mazenera a nyumba yathu ku Liwaladzi tinkatseka ndi mkeka, ndipo mwera ukawomba, mchenga unkalowa mpaka m'mbale. Kutatsala masiku atatu kuti anyamuke, bambo anayamba kupala matabwa pabwalo kuti akhome tizitseko ta pamazenera. Amayi sankawalankhula, chifukwa ulendowo sankaufuna.

Utuchi wofiira unkandimata kumapazi. Ndinaona kuti bambo akusiya kampata pakati pa matabwa.

"Mwalakwitsa, ababa," ndinatero.

"Ayi, mwanawe. Thabwa limafufuma m'dzinja, ukalipanikiza limang'aluka. Mlombwa uwu chiswe sichiudya. Udzaupeza ngakhale utakula."

"Nanga inuyo mudzaupeza?"

Bambo anatenga tchizulo n'kuitana amayi.

"Amake mwana, ndizokotepo chiyani? Duwa kapena nsomba?"

Amayi anatuluka m'khitchini, manja ali mbuu ndi ufa wa chinangwa. Anayang'ana kachitsekoko nthawi yaitali, kenako anaika chala pakati pake.

"Maluwa ayi. Boolani apa, kuti ndikatseka ndiziona njira."

Chala chawo chinasiya kadontho koyera pathabwa. Bambo anaika nsonga ya tchizulo pomwepo, n'kukweza nyundo, koma nyundoyo inangokhala m'mwamba.